Dengu la sabata lochokera ku Wakawaka: likutsitsa ndalama ya ndiwo, koma pali zoti mudziwiretu

Anthu angapo akhala akundifunsa za amayi aja amatibweretsera ndiwo pakhomo Loweruka lililonse, kuti kodi zimatchipadi kapena ndi zongofuna kuoneka apamwamba, nde ndati ndingolemba zonse kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Dzina lawo ndi nambala sindiika pano poti sindinawapemphe, komanso azimayi ochita bizinesi yotereyi achuluka mu Lilongwe muno, zomwe ndinene zikuthandizani olo mutapeza wina. Yankho lachidule ndi loti eee, ndalama ya ndiwo pakhomo pathu yatsika, koma chaitsitsa si mitengo yawo kwenikweni. Chaitsitsa ndi lamulo lawo loti Lachinayi lisanathe ukhale utatumiza mndandanda wa zonse zomwe banja lidye sabata yamawa. Lamulo limeneli ndi lomwe ndikuliyamikira kuposa tomato wawo.

Zimayenda chonchi. Amayiwa amakhala mbali ya ku Area 36 kufupi ndi msika wa Wakawaka, komwe magalimoto ochokera ku Ntcheu ndi ku Dedza amatsitsa katundu kusanache. Ali ndi gulu pa WhatsApp, Lachitatu amaponya zomwe zikupezeka sabata imeneyo ndi mitengo yake, iwe umasankha, umatumiza mndandanda wako nkulipira theka pa Airtel Money kapena Mpamba. Loweruka mbandakucha iwo amakaoda zonse pamodzi, amagawa m'matumba ndi m'makatoni dzina ndi dzina, kenako anyamata a kabaza ya njinga yamoto amamwazikana nazo. Theka lotsala umalipira katundu akafika, utamuona ndi maso. Ife tili ku Area 25, pakhomo tilipo 6, ine, bambo a ana, ana atatu ndi mlamu wanga yemwe akuphunzira kuno, nde mphika wathu si waung'ono.

Ndiyambe ndi mitengo poti ndi yomwe aliyense amathamangira kufunsa. Mukayerekeza ndi pa mabenchi a m'makwalala muno, zawo ndi zotsika, apa nde palibe kukangana. Mukayerekeza ndi pa msika wa Nsungwi ku Area 25 kuno, mbatatesi, kabichi ndi anyezi ndi zotsikako, tomato ndi chimodzimodzi, masamba nde pena awo amadula kuposa kumene. Mukayerekeza ndi ku Wakawaka komweko mutapita nokha, zawo ndi zokwera, nanga si nawo ayenera kupezapo kangachepe, wakabaza naye salipidwa zikomo. Koma kuchokera ku 25 kukafika ku Wakawaka ndi maminibasi awiri popita, awiri pobwera, kondakitala akaona thumba la mbatatesi amati nalo lilipire mpando, muphatikizepo mmawa wonse wa Loweruka womwe ndi tsiku lochapa ndi kukolopa. Nditawerengera zonsezi ndinapeza kuti phindu lawo likungofanana ndi thiransipoti yomwe ndikanaononga ndekha. Nthawi ija mafuta a galimoto amasowa chakumapeto kwa 2024, minibasi ikukwera mtengo mmene wafunira kondakitala, nde ndi pomwe ndinaona kuti bola kulipira munthu mmodzi apitire tonse.

Koma nkhani yeniyeni ili apa. Tomato amene mumagula pa benchi madzulo uja wadutsa m'manja mwa anthu angati? Mlimi wa ku Lizulu kapena ku Jenda, wopikula wa galimoto, woodetsa ku Wakawaka, mayi wa pa msika, kenako wa pa benchi, aliyense amaikapo yake, ndipo sindikuwanena, ndi mmene akudyetsera ana awo. Kungoti amene amagula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ndi amene amalipira anthu onsewa. Katchubu ka mafuta, ka walkman ka ufa, kamulu ka tomato, anyezi mmodzi, chilichonse pachokha chimaoneka chotchipa, koma kugula kotere kuli ngati kutunga madzi ndi lichero, mwezi ukamatha sudziwa komwe ndalama yalowera. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa ambiri anaona kuti kukweza mtengo wa mulu kumathamangitsa kasitomala, nde mtengo amausiya pomwepo koma mulu amauchepetsa, mbale yoyezera usipa ikunka nichepa, banyira nde anatheratu. Munthu umaona ngati ukugula zomwe umagula kale pomwe poto sakudzadza.

Nde mndandanda wa Lachinayi uja umakukakamiza kukhala pansi ndi pepala. Ife timalemba Lachitatu usiku tikatha kudya, pepala timalimata kuseri kwa chitseko cha kukitchini, masiku 7, mmawa, masana ndi madzulo. Sizovuta ngati mmene anthu amaganizira, chachikulu ndi kuyala chakudya motsatira chomwe chimaonongeka msanga. Bonongwe, nkhwani, chisoso ndi therere ndi za Loweruka ndi Lamulungu basi, kupitirira apo zafota. Mpiru, repu ndi tchainizi ukazikulunga m'chiguduli chonyowa nkuziika pamthunzi zimafika Lachiwiri. Kabichi ndi wa Lachitatu mpaka Lachisanu, ameneyu sadandaula. Anyezi ndi mbatatesi ungoziyala pouma, osazisiya mu jumbo. Izi ndi zofunika kwambiri kwa ife amene filiji yathu siyodalirika chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo olo kwa amene alibiretu filiji dongosolo lake ndi lomweli.

Pa tomato nde amayiwa ndiwapatse ulemu wawo. Ukanena kuti ndi wa sabata yonse amakusankhira wa mitundu itatu, wakupsa kwambiri wa masiku awiri oyamba, wongoyamba kufiira wa pakati pa sabata, ndi wobiriwira yemwe amadzapsa cha Lachinayi. Pa benchi palibe angakuchitire zimenezi chifukwa amafuna wakupsayo atuluke lero lomwe. Chinanso chomwe ndimawakondera ndi choti amakuuza chilungamo zinthu zikavuta. Nthawi ya mvula tomato amadula ndipo amaola msanga, nde amatha kukuimbira kuti, "Amayi, sabata ino tomato wavuta, ndikuikireni wochepa, m'malo mwake ndionjezere mtedza muzitendera?" Munthu wofuna ndalama yokha sangakuuze kuti ugule zochepa.

Kutendera nde ndi komwe kwatipulumutsa kwambiri pa mafuta. Mafuta ophikira akwera moti botolo ukalisiya poyera aliyense amangothira mmene wafunira, nde pa pepala timalemberatu kuti masiku atatu pa sabata masamba ndi otendera, mpiru wotendera, nkhwani wotendera, olo kabichi amene amatendereka bwinobwino, masiku amenewa mafuta ndi tomato sizikhudzidwa. Koma nsinjiro zosinjiratu sindigula, kwa iwo ngakhale kwa wina aliyense. Ndimaoda mtedza wosasinja, ndimausankha ndekha pa lichero, wonyala ndi wachuku kutaya, kenako kusinja mu mtondo. Chuku cha mu mtedza chili ndi poizoni yemwe amaononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto, nde mtedza ukasinjidwa kale sungadziwe kuti munalowa wotani. Mtedza wa amayiwa ndi wabwino, wotaya amakhala wochepa.

Nyemba nazo ndizikambe bwino chifukwa apa ndi pomwe makala amathera. Poto wa nyemba amadya makala ofanana kaya waphika zochepa kaya zambiri, nde ife timaziviika Loweruka usiku, Lamulungu madzulo timaphika zambiri kamodzi, Lolemba timadyera nsima, Lachiwiri masana timadyera mpunga kapena kusakaniza ndi mbatata. Kuviika kumachepetsa nthawi yophika kwambiri, amene sanayesepo ayese aone mmene mbaula ipumire. Chenjezo ndi la miyezi yotentha, Okutobala ndi Novembala, nyemba zimasasa msanga, ziwiritsidwenso mmawa ndi madzulo ndipo zisapitirire tsiku lachiwiri ngati filiji palibe. Amayiwa amakhala ndi nyemba za kholophethe ndi nanyati, zimakhala zatsopano zosafumbwa ndipo zimapsa msanga. Nyemba zakale za chaka chatha mumazidziwa, olo uziphike tsiku lonse zimangokhala gwa.

Sabata yathu nthawi zambiri imaoneka motere, ngakhale imasinthasintha. Loweruka katundu akafika timadya masamba ofewa aja ndi mazira kapena usipa, Lamulungu nkhuku, koma nkhukuyo timaigawiratu pawiri isanalowe m'poto, theka lero, theka lina ndi zipalapasiro ndi mutu ndi khosi timakazinga nkusunga msuzi wa Lolemba masana. Lolemba ndi Lachiwiri nyemba, Lachitatu usipa kapena matemba, Lachinayi soya pisi ndi kabichi, Lachisanu sitilemba kanthu, ndifotokoza chifukwa chake. Bambo a ana poyamba amati pepala la chani pa nkhani ya ndiwo, koma chomwe chinathandiza ndi kuwapatsa cholembera asankhe okha tsiku la nyama. Munthu akasankha yekha sabweranso Lachiwiri ndi jumbo ya nyama ya pa butchala yomwe sinali mu bajeti pomwe poto wa nyemba ali pamoto. Azimayi anzanga, pepalali musalembe nokha, aitaneni abambo akhale pompo, ana nawo asankheko tsiku limodzi, madandaulo a "ndiwo zomwezi" amachepa.

Chomwe pepala linationetsa poyera, chomwe sitimachiwerengera ngati ndalama ya chakudya, ndi buledi. Nyumba ya anthu 6 buledi mmodzi sakwana, nde ndi awiri mmawa uliwonse, kuphatikiza majarini ndi shuga wa mu tiyi, ukawerengera pa sabata imaposa ndalama ya masamba ndi tomato kuphatikiza. Tirigu wambiri amachokera kunja nde buledi amatsatira dola, kwacha ikatsika iye amakwera tsiku lomwelo. Pano buledi ndi wa masiku awiri okha, masiku enawo ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika, chinangwa, futali, chigumu chomwe ndimaphika Lamulungu pa makala otsala a nyemba zija, nthawi ya maungu nde maungu. Mbatata ya kholowa kuyambira cha mu Epulo mpaka mu Julayi imakhala mbwee ndipo amayiwa amagulitsa pa ndowa, ndowa imodzi imatifikitsa sabata bwinobwino nkutsalako. Za ana kusukulu chimodzimodzi, m'malo mwa ndalama ya mandasi ndi mafirizesi tsiku lililonse amanyamula mtedza wokazinga, mbatata yootcha, zitumbuwa kapena mbuliwuli zomwe takonzeratu.

Kusikelo ya ana amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, zokhutitsa, za nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi za mafuta, ndipo tonse timavomera ndi mutu, koma ukalemba sabata yonse pa pepala ndi pomwe umaona ndi maso gulu lomwe likusowa. M'nyumba zambiri ndi zipatso, timaziona ngati za anthu a ndalama pomwe vuto ndi kufuna maapozi a mu shopu. Amayiwa amangoika za nyengo yake, mango kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, masuku nthawi yomweyo, mapeyala ndi magwafa mvula ikamapita kumapeto, manachesi a ku Mwanza nyengo yozizira, nthochi ndi mapapaya pafupifupi chaka chonse. Chipatso cha nyengo yake sichidula, ndipo mndandanda wawo wa Lachitatu ndi womwe umandiuza choti tidye, ine sindiyamba ndi kulakalaka chinthu kenako nkumachisaka. Umayamba waona chomwe chatchipa, kenako nkumanga sabata pa chimenecho. Nthawi ya mvula nkhwani, chisoso, bowa ndi dowe, nthawi ya chilimwe za kudimba, mpiru, repu ndi tomato.

Tsopano Lachisanu lija. Alipo amene amati kulemberatu chakudya ndi za azungu, kuno sizingatheke chifukwa mlendo salawira, ndipo ali ndi mfundo. Apongozi atha kutsika basi Lachiwiri madzulo ali ndi adzukulu awiri, kwa aneba kutha kugwa maliro nkufunika kupititsa ufa ndi ndiwo, anzawo a ana amapezeka pakhomo nthawi ya nkhomaliro, ndipo palibe munthu wolongosoka angauze mlendo kuti pepani simuli pa pepala. Ine nkhani imeneyi ndimaitenga mozama, chifukwa kusunga ndalama komwe kukupangitse kumana mlendo nsima sikusunga ayi, ndi umbombo, ndipo ana akuona. Nde pulani iyenera kukhala ndi mpata. Ife Lachisanu timalisiya lopanda dzina, ngati sabata yayenda bwino timadya zotsalatsala, kabichi watsala, mazira awiri atatu, mbatatesi zomaliza, ngati kunabwera alendo pakati pa sabata nde chakudya cha tsiku lina chimasunthira pamenepo. Kuonjezera apo mu kabati mumakhala zinthu zosaonongeka zomwe sitizikhudza popanda chifukwa, mapaketi a soya pisi, mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya womwe timafutsa nthawi ya mvula masamba ali ambiri, ndi kambale ka usipa wouma bwino. Mlendo akafika mfutso wotendera ndi usipa ndi chakudya chaulemu, sathamangitsidwa mwana kukatenga ngongole pa okala. Ngongole ya pa okala ndi imene imadya malipiro asanafike nkomwe.

Zoipa zake nazo zilipo ndipo sindibisa. Choyamba ndi nthawi. Amati katundu afika isanakwane 10 koloko, koma ikagwa mvula kapena wakabaza akhale ndi maoda ambiri utha kudikira mpaka 2 koloko masana, nkhomaliro ya Loweruka osadziwa uphika chani, foni yawo nthawi imeneyo siyankhidwa chifukwa ali kalikiliki kugawa katundu. Ine ndinangozolowera kusiya ndiwo ya Loweruka masana kuchokera ku sabata yapita. Chachiwiri, chomwe chimandinyansa kwambiri, ndi kusintha oda osafunsa. Walemba mpiru akubweretsera tchainizi ati mpiru unatha, walemba nanyati zabwera zosakaniza. Pa tomato amaimba kufunsa, koma pa masamba amaona ngati masamba ndi masamba basi, pomwe munthu unali utakonza kuti mpiruwo ndi wotendera. Ndinawauza kuti, "Mayi, chikasowa chinthu mungondiimbira kapena mungochisiya," anapepesa bwinobwino, zinasintha kwa kanthawi, koma zimabwererabe apo ndi apo.

Chachitatu ndi usipa. Apa nde ndikuti gulani nokha. Usipa umafunika kuulawa, kuununkhiza, kuona ngati uli ndi mchenga kapena ukuwawa, ndipo wawo umabwera mosiyanasiyana, sabata ina wabwino wonyezimira, sabata ina wofumbutuka wamchenga woti utsuke katatu. Sikuti amachita dala, nsomba si mbali yawo, amangotenga kwa anzawo. Mpunga chimodzimodzi, amati ndi Kilombero koma tsiku lina unabwera wosakaniza, Kilombero weniweni wa ku Karonga fungo lake limadzadza nyumba poto akangoyamba kuwira, umenewu unali zii. Ndalama sabweza, amangokuchotsera pa oda ya sabata yotsatira, zomwe kwa ine zilibe vuto poti ndimaodabe, koma kwa munthu woyesa kamodzi ndi zowawa. Kapakidwe nde anakonza, poyamba tomato amakhala pansi pa mbatatesi m'thumba limodzi nkufika ataphwanyika, titadandaula angapo anayamba kuika mu katoni payekha, pamenepa ndiwayamikire chifukwa amamva.

Palinso kankhani ka mitengo kusintha pakati pa Lachitatu ndi Loweruka. Amaponya mtengo Lachitatu, akafika ku msika apeza magalimoto abwera ochepa zinthu zakwera, nde theka lotsala lija limabwera litanenepa. Nthawi zambiri ndi pang'ono ndipo amafotokoza, zikatsika amatsitsanso, izi ndaziona ndekha nde sindiwaganizira zachinyengo, koma siyani kandalama kapadera. Muwerengerenso ya kutumiza pa foni, amafuna uphatikize yotapira kwa ejenti.

Zinthu zina sindioda kwa iwo chifukwa si za pa sabata. Shuga, mchere, sopo, mafuta a botolo lalikulu, masamba a tiyi ndi machesi ndimagula kamodzi malipiro akangolowa, ku Chipiku kapena ma holoselo a mu tauni, mafutawo ndimathira m'kabotolo kakang'ono koyezera sabata, lalikulu limakhala kuchipinda. Ufa nde nkhani ina. Chimanga chimagulidwa nthawi yokolola, Meyi ndi Juni, mtengo uli pansi, nkusunga m'matumba a PICS aja osafuna mankhwala kapena kuthira Actellic kuti anankafumbwe asalowe, kenako kumapita kuchigayo pang'onopang'ono. Chaka cha 2024 mvula itavuta mpaka boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pa ngozi ya njala, tonse tinaona mmene thumba la 50kg linakwerera pofika Januwale ndi Febuluwale wa 2025, amene anali ndi matumba ake m'nyumba anapumako. Pulani ya sabata payokha singakupulumutse ngati ufa ukugulabe wa walkman. Komanso mgaiwa umatuluka wambiri pa ndowa kuposa woyera chifukwa sutaya madeya, ndipo umakhalitsa m'mimba, ife masana ndi mgaiwa, woyera ndi wa madzulo poti bambo ndi womwe amaukonda.

Kodi ntchitoyi ndi ya aliyense? Ayi. Ngati mukukhala ku 36, ku Biwi, ku Mchesi kapena ku Kawale, lembani pepala lanu mudzuke mmamawa mukaode nokha, palibe chifukwa cholipirira kabaza. Ngati muli awiri m'nyumba, oda yawo yochepetsetsa ikuchulukirani zinthu ziola. Ndipo chomwe chimandipweteka mtima ndi ichi, njira imeneyi imafuna munthu akhale ndi ndalama ya sabata yonse m'manja Lachinayi, pomwe amene akuvutika kwambiri ndi mitengo ndi amene amapeza ya lero lero, wa ganyu, wogulitsa mandasi, mlonda yemwe malipiro ake amatha pa 10. Amene alibe ndi amene amagula modula, ndipo kumuuza munthu wotere kuti "uzipanga pulani" popanda kumuonetsa poyambira ndi chipongwe. Ngakhale ife a pa mwezi, sabata yachitatu theka la Lachinayi lija limavuta, nchifukwa chake ndalama ya ndiwo ndimaigawa panayi tsiku la malipiro nkuisiya mu foni ina yomwe siyenda nane.

Chomwe ndaona chikuthandiza kwa amene ndalama ndi yochepa ndi kuphatikizana. Pa mzere wathu pali nyumba zitatu zomwe zimapanga oda imodzi, ndowa ya mbatatesi, beseni la tomato, anyezi ndi kabichi amagawana pakhonde, ya kabaza amasonkherana, ndipo amayiwa amalola bola dzina likhale limodzi ndipo wolipira akhale mmodzi. Ena amachita ngati chipeleganyu, sabata ino alipira uyu, yamawa uyo, nde aliyense amapeza nthawi yosonkhanitsa yake. Pamafunika anthu okhulupirika ndithu komanso kugawana pamaso pa onse, nkhani ya tomato itha kudanitsa anthu pa mzere.

Kwa amene mukufuna kuyesa, kaya kwa amayiwa kaya kwa wina wa mbali yanu, oda yoyamba ikhale ya zinthu zolimba zokhazokha, mbatatesi, anyezi, kabichi, nyemba, mtedza ndi tomato wa mitundu itatu uja, ndipo Loweruka lomwelo mudutse pa msika wa kwanu mufunse mitengo ya zomwezo muyerekeze nokha. Muwauziretu kuti chosowa asasinthe osaimba, mufunse kuti chikabwera choola amatani, ndipo theka lachiwiri musatumize katoni musanaitsegule wakabaza ali pompo. Masamba ofewa muziwaonjezera mukaona kuti amafika nthawi yanji kwanuko, chifukwa bonongwe yemwe wazungulira tauni yonse padzuwa mpaka masana amafika atagona kale. Ine ndikupitiriza nawo, usipa ndi mpunga okha ndi zomwe ndimakagula ndekha pa Nsungwi.